Benchi ya Odulidwa pa Mwalawanjuchi

Nkhani iyi anandiuza ndi a Yotamu Msampha, wojambula zithunzi wa kuseri kwa msika, tsiku limene mvula inatitsekera mu situdiyo mwawo masana onse. Ndiinena monga anainenera. Pamene iwo anati sindidziwa, inenso ndinena kuti sindidziwa, ndipo Ambuye andikhululukire ngati ndingaonjezepo kanthu.

A Yotamu anayenda dziko lino ndi kamera. Anajambula zipilala zokumbukira asilikali, matchalitchi akale a njerwa zofiira, mafumu atavala mikanjo, nduna zikudula maliboni. Koma luso lawo lenileni linali pa zithunzi za gulu. Ukawapatsa anthu mazana awiri ankawayala ngati tomato wa pamsika, aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo, ndipo chimene ankadana nacho kwambiri chinali mpata. Ankati chithunzi chokhala ndi mpata chili ngati munthu woguluka dzino lakutsogolo.

Chaka chimenecho tchalitchi cha kwawo, pa Mwalawanjuchi, chinkakwanitsa zaka zana limodzi. Abusa a Gwaza, amene anali asanathe chaka pamalopo, anawalembera kalata kuti adzajambule mpingo wonse Loweruka, mwambo waukulu usanachitike Lamulungu.

Tsono m'tchalitchimo munali benchi ina kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, ya thabwa lakuda la mlombwa. Ankaitcha benchi ya odulidwa. Munthu akaphwanya lamulo la mpingo, akulu ankamudula. Sadya mgonero, savala yunifomu, ndipo malo ake ndi pa benchi imeneyo kufikira tsiku limene adzaimirire n'kuvomera kuti analakwa. Pamenepo abusa amatchula dzina lake mokweza, mpingo n'kuyankha kuti, "Tawalandira." Koma akamwalira dzina lisanatchulidwe, maliro ake amakhala achete. Sipaimbidwa nyimbo, abusa sabwera, ndipo ngati ndi mayi, yunifomu yake imatsala m'bokosi la zovala.

Pa benchi imeneyo pankakhala a Esinati, mlongo wawo wamkulu wa a Yotamu, amene anawalera amayi awo atamwalira. Anali atakhalapo zaka zisanu ndi ziwiri. Mlandu wawo unali wofulula mowa wa bona, mwambo wotsiriza maliro a amalume awo. Ena akadulidwa ankavomera pakatha miyezi itatu. A Esinati anauza akulu kuti, "Amalume anandilera. Ndinawafululira, ndipo atati amwalirenso ndiwafululiranso."

A Yotamu anafika Lachisanu ndipo anawapeza miyendo itatupa, mpweya ukuvuta. Sipanafunike dokotala kuti munthu aone kumene zinkapita.

"Achemwali, tangoimirirani Lamulungu munene kuti munalakwa. Mawu amodzi okha."

"Ndiname m'tchalitchi kuti mudzandiimbire? Iwe Yotamu, kutauni kuja amakuphunzitsa zimenezo?"

"Nanga mukufuna tidzakunyamuleni chete ngati thumba la chimanga?"

A Esinati anayang'ana bokosi limene linali kunsi kwa bedi. Kenako anati, "Bulauzi ija ndimaisita chaka chilichonse. Usaganize kuti sindifuna."

Loweruka m'mawa anthu anasonkhana kutsogolo kwa tchalitchi. Mkulu wa mpingo, a Dzoole, nkhalamba yowongoka ngati mtengo wa bulugama, analengeza kuti odulidwa asalowe pa chithunzi, akhale pa benchi yawo. Wodulidwa anali mmodzi yekha, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndani.

Apa a Yotamu anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, sindinganame. Mabenchi analidi ochepa, koma ndinachita dala. Ndinkafuna chithunzi chimodzi cha achemwali anga ali kutsogolo kwa tchalitchi chawo."

Anauza amuna a kwaya kuti atulutse mabenchi onse, ndi yakumbuyo yomwe. Amuna awiri anaigwira, osanyamuka. Anabwera ena awiri, inangogwedezeka. Inatuluka ndi amuna asanu ndi mmodzi, akuseka kuti mitengo yakale inali ndi mwala m'kati. Anaiika pa mzere woyamba, pakati penipeni. A Esinati anabwera ndi ndodo yawo n'kukhala kunsonga kwenikweni, theka la thupi lili panja. A Dzoole anazindikira anthu atayalidwa kale, dzuwa likuwotcha, ndipo anangoluma mano.

Benchi ija inali yokwana anthu khumi ndi awiri. A Yotamu anaitana amayi achikulire a chigwirizano kuti akhalepo. Anakhalapo anayi okha, ena n'kubwerera. Atasuzumira mu kamera anaona mipata ikuluikulu pakati pawo.

"Amayi a Nasibeko, sunthirani kumanzere. Tsekani mpatawo."

A Nasibeko, mtsogoleri wa amayi, anali munthu wosabisa mawu. "Ndisunthire kuti, bambo? Mukufuna ndikhale pamiyendo pa mnzanga?"

"Mnzanu uti?"

A Nasibeko anatembenuka. Anayang'ana thabwa lopanda munthu, kenako phewa lawo, kenako thabwa lija kachiwiri. Anthu a kumbuyo anayamba kuseka, koma a kutsogolo sanaseke. Mayi wina anayesa kusuntha, anangofika pamene anafika n'kuima, ngati mmene umachitira mu minibasi yodzaza.

"Koma ndiye pathina," anatero chapansipansi, osadziwa amene akumuuza.

A Esinati sanatembenuke. Maso ali kutsogolo anati, "Jambula, Yotamu. Asiye choncho. Anthu atopa."

Anajambula katatu. Anthu anabalalika mwachangu kuposa masiku onse, ndipo palibe amene anafunsa kuti chithunzi chituluka liti.

Masiku amenewo a Yotamu ankatsuka okha filimu kulikonse kumene apita, ndipo ntchitoyo imafuna madzi oyera. Dzuwa lili paliwombo anatenga ndowa kulowera kuchitsime cha kumunsi kwa mishoni. Pobwerera anakumana ndi anthu akukwera chitunda atandondozana. Atawawerenga kuyambira kutsogolo anakwana khumi ndi anayi. Atayambira kumbuyo anachuluka, ndipo anasiya kuwerenga. Onse anali osavala nsapato. Amayi anamanga nsalu zakuda pachifuwa monga ankachitira kale, ndipo bambo wina anavala jekete lopanda mabatani, chipewa chili m'manja. A Yotamu anapatuka kuwasiyira njira n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Ine nkhope ndiye ntchito yanga," anandiuza a Yotamu. "Munthu ndikamuona kamodzi, zaka khumi ndimamukumbukira. Koma aja, amayi, ndimakumbukira mapazi awo, nsalu zawo, chipewa chija. Nkhope ngakhale imodzi ayi. Ndipo kunali kowala."

Mayi wa patsogolo anagwada pang'ono. "Pepani bambo, tamva kuti atiitanira kutsogolo. Kodi mayina ayamba kutchula?"

A Yotamu anayesa ndi alendo ochokera m'mipingo ya kutali. "Mwambo ndi mawa, amayi. Lero kunali zithunzi chabe."

"Mawa," anatero mayiyo, ndipo mawu aja anayenda mumzere wonse kubwerera kumbuyo. Akuti mawa. Akuti mawa. "Zikomo bambo. Tidikira. Kudikira tinazolowera."

Atafika pamishoni anafunsa amayi amene ankasenda mbatata kuti alendo aja awasungira kuti. Amayiwo anati alendo sanafike, galimoto yawo ibwera m'mawa. Atawafotokozera njira imene anakumana nawo, mmodzi anasiya mpeni.

"Njira ya kuchitsime? Imene ija sipita kumudzi uliwonse, bambo. Ikapitirira chitsime imangolowa m'nsungwi."

Anzake anaweramira mbatata zawo.

Pakhomo la tchalitchi a Yotamu anapeza phokoso. A Dzoole analamula kuti benchi ibwerere kumalo ake, koma inkakana kulowa. Khomo lake lomwelo limene inatulukira m'mawa. Akaiyimika, imagunda pamwamba. Akaigoneka, imagwira m'mbali. Wina anatenga chingwe n'kuyeza khomo, n'kuyeza benchi, ndipo khomo linali lalikulu ndi chikhatho chathunthu. Anayesanso, inagwira. Amuna aja anatuluka thukuta, anayamba kunenana kuti wina akukankha molakwika, ndipo potsiriza anaisiya panja pansi pa mkuyu.

A Yotamu analowa m'kachipinda ka pansi pa belu, anatseka zenera ndi bulangeti, natseka chitseko. Kunja mbuzi zinkalira, ana ankasewera, koma m'katimo munali bii. Anayamba kutulutsa filimu mu kamera mopapasa monga mwa masiku onse. Kenako anamva fungo la mafuta a nsatsi, aja ankadzola agogo athu. Anamva wina akumeza malovu. Kachipinda kaja kanali kokwana munthu mmodzi ndi tebulo, koma anayamba kugwira ntchito zigongono atazipanikiza m'nthiti, osadziwa chifukwa chake.

"Ndani?"

Palibe anayankha. Koma atasuntha kuti atenge botolo la mankhwala, anamva ngati anthu akubweza mapazi kuti iwo adutse.

Filimu itauma anaitulutsa padzuwa n'kuiyang'ana ndi galasi lokulitsira. Anati ankayembekezera kuona nkhope yachilendo, ndipo ikanakhalapo mwina mtima ukanakhala pansi. Munalibe. Mipata inali mipata basi. Koma mkono wa bulauzi ya a Nasibeko unali wophwatalala ngati wapanikizidwa. Khanda limene linali m'manja mwa mayi wa mzere wachiwiri linatambasula dzanja, zala zitafumbata kanthu pamwamba pa mpata, likuseka. Ndipo dzanja la a Esinati silinali pa bondo lawo. Linali pambali, m'malere, chikhatho chitayang'ana pansi, monga mmene umagwirira bondo la mnzako pomuuza kuti akhazike mtima.

Anapita nayo kwa mlongo wawo dzuwa likupendeka.

"Achemwali, apa munagwira ndani?"

A Esinati sanafune n'komwe kuyang'ana filimuyo. "Dzina sindimudziwa. Ndi amene amatsokomola. Akayamba kuchita mantha amanjenjemera mwendo."

"Ndiye mwakhala mukudziwa?"

"Zaka zisanu ndi ziwiri, Yotamu. Umayesa ndimakhalira kunsonga chifukwa chokonda mphepo ya pakhomo?"

"Bwanji simunanene?"

"Ndikanauza yani? Wodulidwa salankhula m'tchalitchi." Anapuma kaye, mpweya ukulira m'chifuwa. "Koma walakwa, mwana wa amayi. Kutsogolo munthu amabwera akaitanidwa. Iwe wawanyamula n'kuwaika kutsogolo. Tsopano akuyesa nthawi yakwana."

"Ndipo ndawauza kuti mawa," anatero a Yotamu, mawu akutuluka okha.

A Esinati anawayang'ana nthawi yaitali. "Iwe ndi pakamwa pako," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

A Yotamu anathamangira kunyumba ya abusa, kumene anapezako a Dzoole. Anafotokoza zonse, anaonetsa filimu, anapempha kuti mlongo wawo alandiridwe mawa lisanafike tsiku loipa. Abusa a Gwaza anayang'ana filimu, anaitembenuza, anavula magalasi n'kuvalanso.

"Bambo Msampha, ine za ubusa ndinaphunzira zaka zinayi. Za benchi yokana kulowa pakhomo sanatiphunzitse."

"Thabwa lafufuma ndi dzuwa," anatero a Dzoole. "Ndipo filimu yanuyo yapsa. Achemwali anu akufuna kulandiridwa? Aimirire avomere. Lamulo limeneli sindinaliyambe ine. Linadya anthu abwino kuposa iwo."

Lamulungu kunacha ndi mkangano. Amayi anachapa maduku awo oyera Loweruka n'kuwayanika, ndipo ambiri anasowa pazingwe. Ena anali atayamba kale kutchulana mayina a akuba pamene a Nasibeko anawapeza pa benchi ija pansi pa mkuyu, atapindidwa bwinobwino, atayalidwa mumzere, lililonse pamalo pake. Anali onyowa pang'ono pamene pamakhudza chipumi. A Nasibeko ananunkhiza lawo, analibwezera pomwepo, n'kukabwereka mpango kwa mpongozi wawo. Palibe amene anatenga lake.

Anthu anachuluka kotero kuti mapemphero anachitikira panja. Tebulo la abusa analiika pansi pa mkuyu pomwe panali mthunzi, ndipo benchi ya odulidwa inapezeka ili patsogolo pa mpingo wonse. A Esinati anabwera, anakhala kunsonga kwawo. Palibe akanawaletsa, poti lamulo linkati malo awo ndi pa benchi imeneyo. A Yotamu anaimika kamera chapambali.

Itatha nyimbo yachiwiri, abusa analengeza kuti awerenga mayina a akhristu oyamba a pa Mwalawanjuchi kuti mpingo uwakumbukire. Mpingo unali ndi mabuku awiri akale, onse a chikuto chakuda. Abusa anatsegula limene anabwera nalo.

"Rute Kampepuza."

Benchi inalira, kwee, monga imachitira munthu akanyamuka. Kumbuyo, nkhalamba ina yogontha imene inangoona abusa atagwira buku lakuda n'kutchula dzina inayankha mwachizolowezi, "Tawalandira."

"Davide Tsokalida."

Kwee. Tsopano anayankha anthu ngati khumi, poyesa kuti ndi mmene mwambo anaukonzera.

"Aginesi Nachuma."

"Tawalandira," unatero mpingo wonse.

A Yotamu anati anaona amayi a m'mizere ya kutsogolo akusuntha pang'onopang'ono pa mikeka yawo, kusiya malo, maso ali kwa abusa, osadziwa kuti akusuntha. Kumbali ya abambo chimodzimodzi. Mayina anapitirira. Ena mwa okalamba anayamba kuyang'anana, chifukwa mayina amenewo ankawadziwa, ndipo sanali a akhristu oyamba. Linali buku la odulidwa, ndipo abusa ankawerenga mayina amene sanakhwatchidwe.

A Dzoole anaimirira. "Abusa, imani kaye. Buku limenelo si..."

"Lidiya Dzoole," anawerenga abusa, poti diso linali litafika kale pamenepo.

Mpingo unakhala chete. A Dzoole anatsala chiimire, pakamwa pali yasa. Achikulire okha ndiwo ankakumbukira kuti Lidiya anali amayi a a Dzoole, amene anaikidwa m'nsungwi muja a Dzoole ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, opanda nyimbo ngakhale imodzi. Benchi sinalire. Inkaoneka ngati ikudikira.

"Tawalandira," anatero a Dzoole okha, ndi mawu osasa ngati a mwana amene walira nthawi yaitali.

Kwee.

A Dzoole anakhala pansi. Abusa apa anali atazindikira chimene agwira. Anayang'ana chikuto, anayang'ana akulu a mpingo, thukuta likutsika m'khosi. Palibe anawauza kuti asiye. Anapitiriza, tsamba ndi tsamba, ndipo mpingo unkayankha, ena akulira, ena akungoyang'ana uku ndi uku osamvetsa chimene chikuliritsa anzawo. A Yotamu sanawerenge kuti mayina anali angati. Anati anali ambiri kuposa amene angakwane pa benchi.

Kenako chala cha abusa chinaima pansi pa tsamba lotsiriza.

"Latsala limodzi," anatero, osakweza mawu. "Koma ili ndi la munthu wamoyo." Anatembenukira kwa a Dzoole. "Ndipo sanavomere."

A Esinati anali atakhala chomwecho kunsonga, benchi yonse ili mbee, maso ali pa manja awo. Sanatsegule pakamwa. A Yotamu ankawadziwa bwino, ankadziwa kuti satsegula ngakhale mpingo udikire mpaka mawa.

A Dzoole anapukuta nkhope ndi chikhatho.

"Nanga amayi anga avomera? Mwawamva inu?" Anagogoda ndodo pansi kamodzi. "Werengani, abusa."

"Esinati Msampha."

A Esinati anayesa kunyamuka, miyendo inakana. Ndodo inagwa. A Yotamu anasiya kamera n'kuthamanga kuti akawadzutse, koma asanafike anawaona ataimirira, zigongono zili m'mwamba pang'ono mbali zonse ziwiri, monga amaimira munthu amene anzake amugwira m'khwapa. Anaima chomwecho kufikira a Yotamu atawagwira, ndipo pamenepo kulemera kwawo konse kunagwera pa iwo nthawi imodzi.

"Tawalandira!" Mawu a a Nasibeko ndiwo anamveka pamwamba pa onse.

Akuwaperekeza kukakhala pakati pa amayi anzawo, a Esinati anawanong'oneza kukhutu. "Wamva, Yotamu? Sindinanene kuti ndinalakwa."

"Ndamva, achemwali."

"Udzawauze ana."

Ndinawafunsa a Yotamu ngati abusa anasokoneza mabuku mwangozi. Anati anawafunsa, ndipo abusa anayankha kuti m'mawa umenewo anatsegula buku, anaona mayina a akhristu oyamba ndi maso awo, n'kuliika m'chikwama. Kupitirira apo sadziwa. Ndinafunsanso ngati anthu a m'njira aja anaonekanso. Anati iwo sanapitenso kuchitsime, madzi ankatunga pa mjigo wa kusukulu. Za mwambo wa Lamulungu lija alibe chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo akuti akulu a mpingo sanawafunsepo.

A Esinati anadya mgonero kamodzi. Anamwalira patapita masiku khumi ndi asanu ndi anayi, m'mawa, akumwa phala. Amayi a chigwirizano anabwera onse, anatulutsa bokosi la zovala lija kunsi kwa bedi. Bulauzi ija inali yoyera bwino, mizere ya simbi ikuonekabe, koma matenda anali atawadya thupi, ndipo inawakulira kwambiri. A Nasibeko anaipinda kumsana, kumene sikuoneka, n'kuimanga ndi mapini anayi ochotsa pa zovala zawo. Kutsogolo inakhala ngati anaisokera dzulo.

Anaimba kuchokera pakhomo mpaka kumanda, mtunda wa ola lathunthu, osapumira. A Yotamu anati iwo nyimbo anali ataziiwala ndi zaka za kutauni, koma anaimba nawo momwemo, molakwitsa mawu.

Nkhani ya a Yotamu inathera pamenepa. Ambuye amene amadziwa mayina onse, olembedwa ndi osalembedwa, awasunge iwo ndi ife.